Mabakiteriya a Pamizu ndi Chakudya cha Sitiroberi

Nkhani ya lero ikukhudza zamoyo zosaoneka ndi maso zimene zimakhala m'dothi lokangamira kumizu ya sitiroberi, ndiponso momwe zamoyozo zimathandizira mbewuyi kupeza chakudya chake m'nthaka. Zamoyozi ndi mabakiteriya. Dzinali limamveka kawirikawiri kuchipatala pokamba za kolera ndi chifuwa chachikulu, koma mabakiteriya oyambitsa matenda ndi ochepa zedi poyerekeza ndi miyandamiyanda ya ena amene amawoletsa zinyalala, kusungunula michere yomangika m'nthaka ndi kusunga chonde cha m'munda. Pakati pa amenewa pali kagulu kamene akatswiri a zaulimi akhala akukafufuza kwa zaka zoposa 40, chifukwa kakakhazikika pamizu, mbewu imakula mwamphamvu kuposa inzake yomera m'dothi lomwelo.

Sitiroberi amene amalimidwa masiku ano, yemwe dzina lake la sayansi ndi Fragaria × ananassa, anabadwa ku France m'zaka za m'ma 1700, pamene mitundu iwiri yochokera ku America inakwatirana m'minda ya kumeneko. Mtundu umodzi unachokera kum'mawa kwa North America, ndipo wina, wa zipatso zikuluzikulu, unabweretsedwa kuchokera ku Chile m'chaka cha 1714 ndi Amédée-François Frézier. Lero dziko la China ndilo limakolola sitiroberi wochuluka kuposa ena onse, lotsatira ndi United States, pomwe mu Africa muno Egypt ndiye ali patsogolo. Ku Malawi chipatsochi chimadziwika kwambiri ndi phiri la Zomba, kumene nyengo yozizira imachilola kubereka ndipo ogulitsa amachionetsa kwa apaulendo m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe.

Chimene chimachititsa kuti sitiroberi akhale wovuta kumudyetsa ndi mizu yake. Mizuyi ndi yaing'ono ndiponso yosazama, moti yambiri imathera m'masentimita 15 mpaka 30 a dothi lapamwamba, limene limauma msanga kukatentha ndipo limakokoloka msanga mvula ikagwa yamphamvu. Komabe kachomera kameneka kamayembekezeka kutulutsa maluwa ndi zipatso kwa miyezi ingapo motsatizana. Kamafuna nayitirojeni wokulitsa masamba, koma akachuluka zipatso zimafewa ndi kuwola msanga. Kamafuna fosiforasi wa mizu ndi maluwa, potaziyamu wothandiza kuti chipatso chikhale chotsekemera, kashiamu wolimbitsa chipatso ndi nsonga za masamba anthete, ndiponso ayironi ndi zinki, amene amafunika pang'ono chabe koma akasowa masamba amachita chikasu. Sitiroberi amakondanso nthaka yowawasa pang'ono, ya pH wa pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo pH ndi muyezo wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'nthaka, pamene nambala yotsika imatanthauza asidi wambiri ndipo yopitirira 7 imatanthauza nthaka ya laimu. Pamwamba pa zonsezi, ndi imodzi mwa mbewu zimene sizipirira mchere, kotero kuti mlimi wothira feteleza wambiri pofuna kukolola zochuluka angathe kuwotcha mizu imene amafuna kuidyetsayo.

Kadothi kochepa kozungulira muzu, kamene makulidwe ake ndi mamilimita ochepa okha, kamasiyana kwambiri ndi dothi lina lonse la m'munda. Katswiri wa ku Germany, Lorenz Hiltner, anakatcha rhizosphere m'chaka cha 1904, ataona kuti mabakiteriya amachulukana pamenepa kuposa pena paliponse. Chifukwa chake n'chakuti muzu sumangoyamwa madzi ndi michere ayi, koma umatulutsanso shuga, maasidi ndi timadzi tina tonanda, zimene chomera chimapanga m'masamba mothandizidwa ndi dzuwa. Mbewu imawononga gawo looneka ndithu la chakudya chake mwa njira imeneyi, ndipo sikuti imataya pachabe, popeza zotulukazo zimaitana ndi kudyetsa zamoyo zimene zimabweza phindu. M'chaka cha 1978, Joseph Kloepper ndi Milton Schroth a ku yunivesite ya California ku Berkeley anaonetsa kuti mabakiteriya ena akapakidwa pambewu amakhazikika pamizu ndi kuikulitsa, ndipo kuyambira pamenepo kaguluka kamadziwika ndi zilembo zakuti PGPR. Mitundu yotchuka m'kaguluka ndi Bacillus, Pseudomonas, Azospirillum ndi Azotobacter.

Alimi ambiri a soya ndi mtedza akamva za mabakiteriya othandiza amakumbukira inokulanti, ufa wakuda uja wopaka pambewu ya soya musanabzale, umene malo a kafukufuku a Chitedze akhala akuulimbikitsa kwa zaka zambiri. Mu ufa umenewu muli mabakiteriya amene amalowa m'mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba ndi kupanga timibulu, momwe amasandutsira nayitirojeni wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewu. Mpweya umene anthu amapuma uli ndi nayitirojeni wokwana magawo 78 pa 100 alionse, koma palibe chomera chimene chingamugwiritse ntchito chokha. Apa m'pofunika kusiyanitsa bwino. Sitiroberi si wa mtundu wa nyemba ndipo sapanga timibulu, kotero kuti inokulanti wa soya sangachite pa iye zimene amachita pa soya. Mabakiteriya monga Azotobacter ndi Azospirillum amathanso kugwira nayitirojeni wa mumpweya ali kunja kwa muzu kapena m'timipata ta khungu lake, koma ntchitoyi imafuna mphamvu yochuluka ndipo imasokonezeka ndi okosijeni, moti popanda chitetezo cha kambulu kaja nayitirojeni amene amagwidwa ndi wochepa, ndipo wambiri amakhala m'matupi a mabakiteriyawo mpaka atafa ndi kuwola. Katswiri Johanna Döbereiner wa ku Brazil, amene anatchukitsa Azospirillum m'zaka za m'ma 1970, anatsegula njira ya kafukufuku wochuluka, ndipo zimene zinapezeka pambuyo pake n'zakuti phindu lalikulu la bakiteriyayu limachokera kwina, osati ku nayitirojeni. Aliyense wouza mlimi wa sitiroberi kuti botolo la mabakiteriya lilowa m'malo mwa manyowa ndi feteleza akulonjeza zimene sayansi sinatsimikize.

Nkhani ya fosiforasi ndi yolemera kuposa ya nayitirojeni. Nthaka zambiri zili ndi fosiforasi wochuluka ndithu, koma pafupifupi yense ndi womangika, ndipo mizu imangotenga wosungunuka m'madzi a m'dothi, amene ndi wochepetsetsa. M'nthaka ya laimu fosiforasi amagwirana ndi kashiamu n'kukhala ngati mwala, pomwe m'nthaka yowawasa, monga katondo wofiira wa m'madera a mvula yambiri, amakanirira ku ayironi ndi aluminiyamu. Ngakhale feteleza wokulitsa amene mlimi wagula ndi ndalama zovuta kupeza amakumana ndi tsoka lomwelo, chifukwa mbewu imatenga magawo 10 mpaka 25 okha pa 100 alionse a fosiforasi wothiridwayo m'chaka choyamba, wotsalayo n'kumangika. Zili ngati nkhokwe yodzaza chimanga koma yomata ponseponse, banja lili ndi njala pabwalo. Komanso fosiforasi sayenda m'dothi monga amachitira nayitirojeni, moti muzu ukamaliza amene ali pafupi nawo, suyembekezera kuti wina abwera ndi madzi. Uyenera kukula kuti umupeze.

Mabakiteriya ena a mitundu ya Bacillus ndi Pseudomonas amamasula fosiforasi ameneyu m'njira ziwiri. Akadya shuga wochokera kumuzu amatulutsa maasidi, makamaka wotchedwa gluconic acid, amene amasungunula fosiforasi wogwirana ndi kashiamu ndi kumusiya m'madzi momwe muzu ungamuyamwe. Njira inayo imakhudza fosiforasi wa m'manyowa ndi m'zotsalira za mbewu, amene amakhala womangika m'zinthu zimene zinali zamoyo: mabakiteriya amatulutsa ma enzyme, omwe ndi mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu, otchedwa phosphatase ndi phytase, ndipo amenewa amadula fosiforasi kumuchotsa m'zowolazo. Nzeru imeneyi si yatsopano, pakuti m'zaka za m'ma 1950 dziko la Soviet Union linkapatsa kale alimi ake bakiteriya wotchedwa Bacillus megaterium ndi cholinga chomwechi, ngakhale zotsatira zake zinali zosiyanasiyana malinga ndi nthaka.

Ayironi nayenso amavuta chimodzimodzi. Ndi wochuluka kwambiri m'dothi, ndipo ndi amene amafiiritsa katondo, koma m'nthaka ya laimu sasungunuka, kotero kuti masamba anthete a sitiroberi amasanduka achikasu pomwe mitsempha yake ikadali yobiriwira, ndipo chomera chotero sichingapange chakudya chokwanira kudzaza zipatso. Mabakiteriya nawonso amafuna ayironi, ndiye amatulutsa tinthu totchedwa siderophore, timene timagwira ayironi mwamphamvu ndi kumusunga ali wosungunuka. Muzu wa sitiroberi uli ndi njira yakeyake yolandira ayironi wofika pakhungu lake, ndipo umapindula ndi amene wasonkhanitsidwa moteremu. Pali phindu linanso limene Kloepper ndi anzake analongosola m'chaka cha 1980, lakuti mabakiteriyawa akatolera ayironi wa pafupi ndi muzu, mafangasi oyambitsa matenda amasowa chakudyachi ndipo amalephera kuchulukana. Muzu wosadwala umayamwa bwino, choncho kuteteza muzu ndi kuudyetsa n'zinthu zovuta kuzilekanitsa.

Koma njira imene ikuoneka yamphamvu kuposa zonsezi, makamaka pa mbewu ya mizu yochepa ngati sitiroberi, ndiyo kukulitsa mizu yeniyeniyo. Zomera zili ndi mahomoni, omwe ndi timadzi totumiza uthenga m'thupi, ndipo imodzi mwa mahomoniwa ndi auxin, amene amalamula kuti muzu uchite nthambi ndi kumera tiubweya. Mabakiteriya ambiri a pamizu, Azospirillum ali patsogolo, amapanga auxin kuchokera ku tryptophan, chinthu chimene muzu womwewo umatulutsa. Zotsatira zake n'zakuti mizu yam'mbali imachuluka ndipo tiubweya timatalika, motero chomera chimakhudza dothi lalikulu kuposa kale ndipo chimapeza madzi, fosiforasi, potaziyamu ndi zinki zimene zinalipo koma muzu sunkazifikira. Mwa njira imeneyi mabakiteriya sawonjezera kanthu m'nthaka, koma amawonjezera mphamvu ya chomera yofunafuna. N'zochititsa chidwi kuti sitiroberi ali ndi mbiri yakeyake ndi homoni imeneyi, popeza m'chaka cha 1950 Jean-Paul Nitsch anaonetsa kuti tinjere timene timaoneka kunja kwa chipatso ndi timene timatulutsa auxin wokulitsa mnofu wake, ndipo atachotsa tinjereto chipatsocho chinaleka kukula. Komabe muyezo ndi wofunika, chifukwa auxin akachuluka mopitirira amapinimbiritsa muzu m'malo moutalikitsa, ndiye chifukwa chake mabakiteriya othiridwa mochuluka kwambiri nthawi zina amabweza mbewu m'mbuyo.

Palinso homoni ina yotchedwa ethylene, imene chomera chimatulutsa chikapanikizika ndi mchere, chilala kapena madzi odikha, ndipo ikachuluka imaimitsa kukula kwa mizu. Mabakiteriya ena ali ndi enzyme yotchedwa ACC deaminase, imene imaphwanya chinthu chopangira ethylene chisanasanduke homoniyo, monga anafotokozera Bernard Glick wa ku yunivesite ya Waterloo ku Canada. Kwa mbewu yosapirira mchere, yomwe kawirikawiri imalimidwa ndi mthirira, thandizo limeneli si laling'ono.

Kafukufuku wokhudza sitiroberi weniweni wachitika kwambiri ku Turkey, dziko limene limalima chipatsochi mochuluka koma lili ndi nthaka zambiri za laimu. M'chaka cha 2010, Ahmet Esitken ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa sitiroberi wolimidwa popanda feteleza wa m'fakitale, momwe anagwiritsa ntchito mabakiteriya otchedwa Bacillus M-3, Bacillus OSU-142 ndi Pseudomonas BA-8, ena powaika kumizu ndipo ena powapopera pamasamba ndi maluwa. Zokolola zinakwera, ndipo masamba a mbewu zothiridwazo anapezeka ndi michere ina yochulukirapo, fosiforasi ndi zinki zili m'gulu lomwelo. Akatswiri ena a dziko lomwelo anapezanso phindu pa sitiroberi wa m'nthaka ya laimu wambiri ndi wothiriridwa ndi madzi a mchere. Ku Tucumán, m'dziko la Argentina, gulu la Raúl Pedraza linapeza Azospirillum brasilense m'mizu ya sitiroberi wa kumeneko, ndipo linaonetsa kuti mtundu wake wotchedwa REC3 umakulitsa mizu, umatulutsa siderophore ndiponso umachepetsa matenda a anthracnose, amene amadetsa ndi kuwoletsa zipatso. Ku Alessandria, m'dziko la Italy, akatswiri anaphatikiza Pseudomonas ndi mafangasi othandiza otchedwa mycorrhiza, amene amalowa m'muzu ndi kutambasula timaulusi tawo kutali m'dothi, ndipo sitiroberi wothiridwa feteleza wochepetsedwa anachita maluwa ambiri ndi kubereka bwino. Mfundo yoyenera kuigwira pa kafukufuku wa ku Italy ndi yakuti feteleza anachepetsedwa, sanachotsedwe.

Zotsatira zimenezi ndi zolimbikitsa, koma ziyenera kuwerengedwa mosamala, makamaka ndi amene akuganiza za minda ya kumapiri a Zomba. Njira yofala yosankhira mabakiteriya omasula fosiforasi, imene inayamba ndi ntchito ya katswiri wotchedwa Pikovskaya m'chaka cha 1948, ndi kuwabzala m'kambale ka mu labotale momwe muli fosiforasi wogwirana ndi kashiamu, ndi kuona ngati akumusungunula. Bakiteriya wopambana m'kambale kameneka amapambana chifukwa cha asidi amene amatulutsa, ndipo asidi ameneyo ndi wothandiza m'nthaka ya laimu ngati ya ku Turkey. Koma nthaka ya kumapiri kogwa mvula yambiri kawirikawiri imakhala yowawasa kale, fosiforasi wake ndi wokanirira ku ayironi ndi aluminiyamu, ndipo kuwonjezera asidi sikumumasula mofanana. Chimodzimodzinso, kusowa kwa ayironi kumene kumavutitsa alimi a m'nthaka ya laimu si vuto lalikulu m'katondo wowawasa. Motero bakiteriya amene anachita zodabwitsa ku Turkey angathe kufika ku Zomba n'kupeza kuti vuto limene amadziwa kuthetsa kulibe, pomwe limene lilipo silo ntchito yake.

Vuto lina n'lakuti mabakiteriya ochokera m'botolo amafika m'nthaka imene ili kale ndi eni ake, mamiliyoni ambiri m'kadothi kodzaza supuni yaing'ono, omwe anazolowera kutentha, chinyezi ndi chakudya cha pamalopo. Obwerawo kawirikawiri amachepa msanga m'milungu yochepa, ndiye chifukwa chake zotsatira za m'miphika ya mu labotale, momwe dothi limayamba laphikidwa kuti zamoyo zina zife, zimaposa za m'munda weniweni. Mitundu ya sitiroberi nayo imasiyana pa zimene mizu yake imatulutsa, kotero kuti bakiteriya wogwirizana ndi mtundu umodzi sakhazikika mofanana pa mtundu wina. Ndipo pamene feteleza wathiridwa wochuluka, phindu la mabakiteriya limachepa, popeza amene amagwira nayitirojeni amaleka ntchitoyo akapeza nayitirojeni wokonzeka kale, ndipo chomera chokhuta sichisowa womasulira fosiforasi.

Chidwi cha nkhaniyi chinakula kwambiri m'mayiko olima sitiroberi wochuluka chifukwa cha mankhwala otchedwa methyl bromide. Kwa zaka zambiri alimi a ku California ankafukiza mpweya umenewu m'nthaka asanabzale, kuti aphe mafangasi, nyongolotsi za mizu ndi njere za udzu, ndipo alimi a fodya ku Malawi ndi ku Zimbabwe amawakumbukira mankhwala omwewa chifukwa ankagwiritsidwa ntchito m'manazale. Mankhwalawa ankapha zabwino ndi zoipa zomwe, komanso anapezeka kuti amawononga ozoni, mpweya wa m'mlengalenga umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Analetsedwa pang'onopang'ono kudzera m'pangano la Montreal la chaka cha 1987, ndipo chilolezo chapadera cha alimi a sitiroberi ku California chinatha m'chaka cha 2016. Kuletsedwa kumeneku kunakakamiza akatswiri kufunsa momwe nthaka yamoyo ingatetezere ndi kudyetsa mbewu, funso limene kufukiza kuja kunalikwirira kwa nthawi yaitali.

Kwa mlimi amene wapeza mabakiteriya ogulitsidwa m'paketi kapena m'botolo, chofunika kukumbukira n'chakuti wagula zamoyo, osati mankhwala. Zamoyozi zimafa zikasungidwa padzuwa kapena m'nyumba yotentha, ndipo tsiku lothera ntchito lolembedwa papaketi liyenera kulemekezedwa. Mitundu ya Bacillus imapirira kusungidwa chifukwa imadzitsekera m'kachikopa kolimba nyengo ikaipa, pomwe Pseudomonas ndi Azospirillum alibe chitetezo chofanana ndi chimenecho ndipo amafa msanga. Popeza sitiroberi amachulukitsidwa ndi mbande zomera pa tinthambi toyanga, njira yosavuta ndi kuviika mizu ya mbandezo m'madzi osakaniza ndi mabakiteriya kwa kanthawi, pamthunzi, kenaka kuwokera nthawi yomweyo m'dothi lachinyezi, makamaka chakumadzulo. Madzi okhala ndi klorini wambiri ndiponso mankhwala ena ophera matenda, makamaka okhala ndi kopa, amapha mabakiteriyawa, choncho sayenera kusakanizidwa nawo.

Mlimi amene sangapeze kapena kukwanitsa kugula zimenezi sali kunja kwa nkhaniyi, chifukwa mitundu yomweyo ya Bacillus, Pseudomonas ndi Azotobacter ilimo kale m'dimba lake, ndipo chimene imasowa kawirikawiri ndi chakudya ndi chinyezi. Kompositi wowola bwino amaipatsa chakudya ndiponso fosiforasi amene ma enzyme aja angamasule. Kuphimbira mabedi ndi udzu wouma kumasunga chinyezi, kumaziziritsa dothi lapamwamba momwe muli mizu, ndipo kumateteza zipatso kuti zisagone pamatope. Kusawotcha zinyalala m'munda kumasunga zimene zikanawola. Ndipo kuthira laimu pang'ono m'nthaka yowawasa kwambiri, motsatira uphungu wa alangizi atayeza dothi, kumathandiza mizu ndi mabakiteriya omwe. Manyowa aawisi a ziweto ndi oyenera kupewedwa pa mbewu imeneyi, pakuti chipatso chake chimakhala pafupi ndi dothi ndipo chimadyedwa chosaphika, ndipo ndowe zosawola zimanyamula mabakiteriya a mtundu wina uja, otsegula m'mimba.

Ntchito imene ikuyembekezera akatswiri a m'dziko muno, kaya a ku Bvumbwe kumene kumachitika kafukufuku wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, kaya a ku sukulu ya zaulimi ya Bunda, ndi yofanana ndi imene anachita anzawo a ku Tucumán: kuzula sitiroberi wathanzi m'minda ya alimi a kumapiri, kutenga mabakiteriya okhala pamizu yake, kuwayesa pa fosiforasi wogwirana ndi ayironi ndi aluminiyamu m'malo mwa kashiamu yekha, kenaka kuwabwezera m'minda yomweyo kwa nyengo zingapo, mabedi othiridwa ali pambali pa osathiridwa, ndi kuyeza kulemera kwa mizu, michere ya m'masamba ndi makilogalamu a zipatso zokololedwa pa bedi lililonse.